Kalata ya ku Chipatala Tisaisunge M'nyumba



Pa 2 Mafumu 5 timawerenga za Namani, kazembe wa nkhondo wa ku Aramu, amene anadwala khate. Kwawo kunalibe womuchiritsa. Mfumu yake inamlembera kalata, iye nanyamuka ulendo wa ku Israele, ndipo anachira atamvera mawu a mneneri Elisa. Tione chinthu chimodzi: Namani atalandira kalata ija sanaisunge m'nyumba.

Nafenso timalandira kalata yotere. Namwino kapena dokotala akaona kuti matenda apyola zida zimene ali nazo, amalemba pepala lotchedwa guia de transferência. Pepalali limachotsa wodwala pa chipatala chaching'ono kupita naye ku chipatala cha boma lake, kuchoka apo ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Tete, ndipo pakafunika akatswiri ena, ku Beira kapena ku Maputo. Koma ambiri a ife timalipinda ndi kuliika m'Baibulo, tili kunena kuti tiyambe takolola, tiyambe tagulitsa mbatata. Ena amayesa kuti kutumizidwa kutali ndiko kutsanzikidwa. Ayi, abale. Kalatayo itanthauza kuti chithandizo chilipo, koma chili patsogolo.

Kuchedwaku kumapweteka makamaka pa matenda a magazi ndi khansa. Magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa. Muli tizigawo tofiira tonyamula mpweya, toyera tolimbana ndi matenda, ndi tina tothandiza kuti magazi aundane pa bala. Kawirikawiri kuchepa kwa magazi kumadza ndi malungo, njoka za m'mimba kapena kuperewera kwa zakudya, ndipo kumatha ndi mankhwala a pa chipatala chapafupi. Koma munthu wamkulu akamwa mankhwalawo osasintha, namangofooka, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, kutentha thupi kosatha, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, ayenera kupimidwa mozama. Chimodzimodzi amene ali ndi mwanabere wosapweteka m'khosi kapena m'khwapa kwa masabata angapo, ndi amene watuluka mawanga akuda otupa m'miyendo kapena m'kamwa, amene akhoza kukhala khansa ya Kaposi. Zizindikiro zina mwa izi zifanana ndi za chifuwa chachikulu, choncho diso lokha silingasiyanitse. Katswiri amawerenga tizigawo ta magazi, nthawi zina amadula kanyama kakang'ono pa chotupa kapena kukoka madzi a m'fupa la m'chiuno, kuti akaziyang'ane ndi makina. Kutemera mphini munthu amene magazi ake saundana ndiko kumuika pa ngozi.

Tisaganize kuti khansa iliyonse ndi manda. Khansa ya mwanabere yotchedwa Hodgkin imachiritsika mwa anthu ambiri akafika msanga. Mtundu wina wa khansa ya m'magazi umagonja ndi mapiritsi a imatinib omwa tsiku ndi tsiku, amene anavomerezedwa mu 2001. Khansa ya Kaposi imabwerera m'mbuyo wodwala akamamwa ma ARV mokhulupirika, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala a m'mitsempha. Ndipo mu 2019 Chipatala Chachikulu cha Maputo chinatsegula chipinda chowotchera khansa ndi makina. Mankhwala a m'mitsempha amaperekedwa mobwereza, kawirikawiri pakapita masabata atatu kapena anayi. Amachititsa nseru, amathothola tsitsi, koma tsitsi limameranso. Choopsa ndi kulekeza panjira.

Komabe tinene zoona: njira ndi yaitali. Kuchoka ku Tete kufika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo ku Maputo ndi opitirira 1,500. Mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano sangasenze yekha katundu wotere. Apa ndi pamene mpingo uyesedwa. Pa Marko 2 wodwala manjenje sanafike yekha kwa Yesu. Anamnyamula anzake anayi, nasasula denga.

Chotero tipempha akulu a mpingo ndi atumiki kuti pochezera odwala asamapemphere kokha, koma afunsenso ngati pali kalata ya ku chipatala ndi tsiku limene lalembedwapo. Mpingo uliwonse ukhale ndi thumba la ndalama zoyendera. Pasankhidwe woperekeza wodziwa Chipwitikizi, woti akamve bwino mawu a dokotala ndi kusunga mapepala onse. Amayi a Chigwirizano asamalire ana otsala, achinyamata alime munda wa wodwalayo. Athanzi apereke magazi, pakuti odwala otere amafuna kuikidwa magazi kawirikawiri, ndipo magazi sapangidwa ku fakitale. Khansa siipatsirana, tidye nawo mbale imodzi, tikhale nawo pa benchi limodzi.

Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Luka, wolemba Uthenga Wabwino, anali sing'anga. Ndipo pamene madokotala anena kuti matenda apita patali, mbale wathu ayenerabe kulandira mankhwala oletsa ululu, ndipo ife tiyenera kukhala naye pafupi kufikira Ambuye amuitane.

Ngati m'nyumba mwanu muli kalata yopindidwa, itulutseni sabata lino, mukaionetse kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu. Ambuye atsogolere onse ali paulendo wofuna chithandizo. Amen.