Mbewa Zinatsegula Njira, Koma Wodwala Asadikire

Kuno ku Nthalire khoswe timamudziwa ngati mbala ya m'nkhokwe. Koma m'nyumba zofufuzira mankhwala, makoswe ndi mbewa zathandiza pa nkhani yokhudza mabanja ambiri: matenda a nkhawa ndi a kukhumudwa, amene amachititsa munthu kusowa tulo, kukana chakudya, kuleka kulima, ngakhale kuganiza zodzipha.

Mu ubongo muli timadzi totchedwa glutamate, timene timanyamula uthenga kuchokera ku mtsempha wina kupita ku unzake. Uthengawo umalowera pa timakomo ting'onoting'ono. Akatswiri anafunsa kuti: kodi kutseka ena mwa timakomoti kungapepuze mtima wolemedwa?

Poti mbewa singanene zakukhosi, anaiyesa mwa njira imene Roger Porsolt anayambitsa ku France mu 1977. Amaika mbewa m'chitini cha madzi chimene singatulukemo. Poyamba imaphiriphitha, kenaka imangoyandama ngati yataya mtima. Mu 1990, ku America, Ramon Trullas ndi Phil Skolnick anaona kuti mbewa zopatsidwa mankhwala otseka timakomo tija zimalimbikira nthawi yaitali zisanagonje. Mu 2000, madokotala a ku Yale anayesa ketamine, amene amatsekanso timakomoti, pa odwala owerengeka, ndipo anayamba kupeza bwino pasanathe masiku 3. Ketamine ameneyu ndi yemwe zipatala zathu zimagonetsera anthu pa opaleshoni. Mu 2019 boma la America linavomereza mtundu wake wina, esketamine, wopopera m'mphuno.

Ntchitoyi ndi yotamandika, koma ife tikuti mbewa si munthu. Mbewa yoyandama siinamwalilidwe mwana, ilibe ngongole ya feteleza, sinamenyedwe pa banja. Memantine, mankhwala enanso otseka timakomo tomweti, atayesedwa pa anthu okhumudwa mu 2006 sanathandize. Ketamine nayenso mphamvu yake imatha msanga, amakweza kuthamanga kwa magazi, amasokoneza mutu, ndipo womugwiritsa ntchito molakwika amamuzolowera n'kuononga chikhodzodzo. N'chifukwa chake ngakhale ku America esketamine amaperekedwa kuchipatala kokha, wodwala ali pamaso pa achipatala. Wina akakuuzani kuti akugulitsa jekeseni wochotsa maganizo, mukaneni.

Phunziro lalikulu la mbewazi ndi lakuti kukhumudwa ndi matenda enieni okhudza ubongo. Si ulesi, si kufooka kwa chikhulupiriro, ndipo si chifukwa choloza chala agogo a m'mudzi kuti alodza munthu.

Tsono tisakhale pansi kudikira mankhwala atsopano. Thandizo lilipo kale. Amitriptyline ndi fluoxetine amagwiritsidwa ntchito m'dziko muno, ngakhale kuti amatenga masabata angapo kuti ayambe kuthandiza, choncho wodwala asawasiye msanga. Uphungu nawonso umachiritsa. Yambani ku chipatala chathu cha Nthalire. Ngati pafunika kutero, akutumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Chitipa. Odwala kwambiri amathandizidwa ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Zomba Mental Hospital.

Abale ndi alongo, ngati m'bale wanu wakhala masabata awiri ali khuma, osadya, osacheza, musangoti ziona zokha. Khalani naye pansi, mumvetsereni, ndipo mumuperekeze kuchipatala. Akatchula zodzipha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, musamusiye yekha, ndipo pitani naye tsiku lomwelo. Mutu umodzi susenza denga.