Lamulo loletsa kusuta ku South Africa likugwira ntchito kumene kuli munthu wodandaula

JOHANNESBURG – Munthu amene angalowe m'malo odyera a mumzinda wa Johannesburg kapena Cape Town lero sangaganize kuti kale utsi wa fodya unkadzaza m'maofesi, m'mabasi ndi m'nyumba zodyera za m'dziko la South Africa. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1999, pamene nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, mayi Nkosazana Dlamini-Zuma, analimbitsa lamulo la 1993 loyang'anira za fodya. Kuyambira mu 2001, kusuta m'malo otsekedwa opezekamo anthu ambiri, kuphatikizapo malo antchito ndi galimoto zonyamula anthu, kunaletsedwa, kupatula m'chipinda chapadera chosapitirira 25 peresenti ya malowo.

M'chaka cha 2009 zilango zinakwera. Wosuta pamalo oletsedwa angathe kulipitsidwa mpaka R500, pamene mwini malo angalipitsidwe mpaka R50,000. Kusiyana kwa ndalamaku ndi kumene kwachititsa kuti lamuloli limveredwe m'mizinda. Mwini resitilanti sangathawe, malo ake ndi odziwika, ndipo kasitomala mmodzi wokwiya angathe kukamunenera kwa oyendera zaumoyo a khonsolo. Chotero iye mwini ndiye amasanduka mlonda, boma osawononga kanthu.

Vuto likuonekera pamene palibe munthu wotere. Kusintha kwa 2009 kunaletsanso kusuta m'galimoto ya munthu mwini ngati muli mwana wosakwana zaka 12. Cholinga chake n'chomveka, poti utsi umachuluka msanga m'kanyumba kakang'ono ngati galimoto, ngakhale zenera litatsegulidwa. Koma wosutayo kawirikawiri amakhala bambo kapena mayi wa mwanayo, ndipo mwana wa zaka zisanu sangakasumire kholo lake. Wapolisi wapamsewu ayenera kuona ndudu ili m'manja galimoto ikuthamanga, aiimitse, kenako atsimikize msinkhu wa mwanayo. M'dziko limene ngozi zapamsewu zimapha anthu oposa 10,000 chaka chilichonse, n'zosadabwitsa kuti apolisi maso awo amakhala kwina. M'minibasi zinthu n'zosiyana, chifukwa apaulendo anzake amamudzudzula wosutayo asanakoke kawiri.

Kumalo antchito lamulo limanena momveka kuti wantchito ali ndi ufulu wokana kugwira ntchito mu utsi popanda kulangidwa, ndipo bwana sangamusainitse chikalata chovomera kutero. Komabe chipinda cha 25 peresenti chija chimafuna woperekera zakudya ndi wosesa. Kasitomala amakhalamo ola limodzi, wantchito amalowamo tsiku lonse. Kumene anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito alibe ntchito, ufulu wokana umakhala wapapepala. Mfundo zomwe mayiko a m'pangano la bungwe la WHO loletsa fodya anagwirizana mu 2007 zimanena kuti zipinda zapadera ndi makina otulutsa mpweya siziteteza anthu mokwanira, ndipo bungweli limati utsi wa ena umapha anthu osasuta oposa 1 miliyoni pachaka padziko lonse.

Pali gulu lina limene lamuloli silinalifikire: antchito a m'nyumba. Nyumba ya munthu siiwerengedwa ngati malo antchito pokhapokha ikhale yosungirako kapena kuphunzitsirako ana molipiritsa. Amayi ochapa ndi kuphika m'nyumba za ku Gauteng ndi Western Cape, omwe ena mwa iwo ndi ochokera ku Malawi, Zimbabwe ndi Lesotho, alibe ndime yowateteza bwana akamasutira pabalaza, ndipo wopanda zikalata zokhalira m'dzikomo sangayerekeze n'komwe kupita kwa akuluakulu a boma.

Bilu yomwe boma linapereka ku nyumba ya malamulo mu 2022 inafuna kutseka mipata imeneyi pothetseratu zipinda zosutira, kuphatikiza ndudu zamagetsi, ndi kuletsa kusuta m'nyumba zimene muli wantchito. Makampani a fodya anaitsutsa ponena kuti idzapha ntchito ndi kukulitsa malonda a ndudu zozembetsa, omwe anakula kwambiri pamene boma linaletsa kugulitsa fodya kwa miyezi isanu mu 2020. Ngakhale biluyo itavomerezedwa yonse, funso la amene adzalowe pabalaza la munthu kukaona ngati mukusutidwa lidzakhala la makhonsolo, omwe ambiri akulephera kale kupereka madzi ndi kuchotsa zinyalala.