ZA PA ULENDO: KU MUDZI WA JUMBE

Madzi a mtsinje wa Namitete, amene ena a inu mumathirira nao ndiwo ku dimba, amatsikira m'Bua, ndipo Bua amakathira m'nyanja ca kumpoto kwa Nkhotakota. Mwezi wathawu ine ndinawatsata madziwo, koma pa basi, kudzera ku Lilongwe ndi ku Salima, kuti ndikaone mudzi wa Jumbe.

Jumbe woyamba, dzina lace Salim bin Abdallah, anali Mswahili Msilamu wocokera ku gombe la nyanja ya mcere. Iye anafika kumeneko m'zaka za m'ma 1840, m'dziko la Mfumu Malenga Chanzi, nakhala wamphamvu cifukwa ca mfuti ndi nsaru zimene anali nazo. Atafa iye panalowa a Jumbe ena atatu motsatana. Wacitatu anamwalira m'caka ca 1894, ndipo wacinai Boma la Angerezi linamcotsa ndi kumtumiza ku Zanzibar.

Nanga mlendo aona ciani lero? Aona mzikiti wakale ndi manda a mafumuwo. Aonanso mkuyu waukuru, pamene Dr. Livingstone anakhala pansi ndi Jumbe m'caka ca 1863 kumpempha kuti aleke kugulitsa anthu. Jumbe sanamve. Zombo zace zinapitirira kuolotsa minyanga ya njobvu ndi akapolo, amene anayenda pansi mpaka ku Kilwa. Ambiri a iwo anali Acewa anzathu a kumtunda, ogwidwa m'midzi yonga yathuyi. Pansi pa mkuyuwo ine ndinabvula cipewa.

Koma cimene cinandigwira mtima monga mlimi ndi minda. A Jumbe ndiwo analimbikitsa ulimi wa mpunga m'madambo a kunyanjako, kuti adyetse anthu ao ndi a ulendo, nabzyalanso mitengo ya kokonati. Ufumu wao unatha, koma mpunga wa ku Nkhotakota ukugulidwabe m'misika ya ku Lilongwe.

Nkhani yotere siiri kwathu kokha. Ku Granada, m'dziko la Spain, mafumu Acisilamu anamanga nyumba zokongola zochedwa Alhambra, nakumba ngalande yotenga madzi ku mtsinje wa Darro kukathirira minda yao pa phiri. Iwo anacotsedwa m'caka ca 1492, koma mindayo ikali yobiriwira, ndipo alendo amacoka kutali kudzaiona.

Tsono abale anga, munthu amapita, mbeu imatsala. Mvula isanafike konzani maenje, kuti mudzabzyale mango kapena malalanje m'mbali mwa dimba lanu. Ndipo mukagulitsa fodya kapena mtedza, patulani kandarama pang'ono, mutenge ana mukawaonetse mkuyu uja. Pobwerera muwaphikire mpunga wa komweko, ndi kuwauza za makolo amene anaoloka nyanja osabwereranso.