Thumba lopanda batire

Mwezi uno nkhani ndi ya chimanga, ndipo ndiyambe ndi kuulula: amene akukuuzaniyu sanagwirepo khasu kopitirira mphindi khumi. Ndinakulira ku Smethwick, ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ufa ndimaudziwa uli kale m'paketi, pashelefu ya shopu ya ku Cape Hill.

M'mwezi wa Januwale msuweni wanga wa ku Mchinji, mwana wa malume, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Tsamba la chimanga lobookabooka, ndipo m'kati mwa nsonga muli tinthu tonga utuchi. Pansi pake panali uthenga wa mawu wa mphindi zitatu. Msuweni wangayu amalankhula ngati akuthamangitsidwa ndi galu, ndiye nditamvetsera kanayi ndinangotolapo "chimanga", "mavuto", ndi liwu lina lalitali ngati sitima ya katundu. Ndinapita nayo foniyo kwa amayi kukhitchini. Atangomva chiyambi chake anati, "Ntchemberezandonda," osasiya n'komwe kutsuka mbale. Ine ndinati zikomo, n'kuthimitsa uthengawo, ulendo wa kuchipinda. Mukumbukire zimenezi, tibwererako.

Inu ophunzira, liwuli muligawe pawiri. Ntchembere ndi amayi amene anabereka kale ana, zandonda ndiye kuti zanditsatira. Ndi dzina la mbozi zodya chimanga. Mtundu umene ukusautsa masiku ano unachokera ku America, unaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 a dziko la Malawi ali pangozi chifukwa cha mbozi zimenezi.

Tsono munthu wa ntchito ngati yanga akaona chithunzi cha vuto, mutu umathamangira kumodzi basi: app. Mlimi ajambule tsamba, foni imuuze chimene chavuta. Ndipo musandiseke kwambiri, chifukwa kuno ku West Midlands ndi mmene amatiphunzitsira kuganiza za ulimi. Ku Harper Adams University, ku Shropshire uko, mu 2017 anadzala ndi kukolola hekitala yathunthu ya barele popanda munthu kuponda m'mundamo, thirakitala ikudziyendetsa yokha. Ndinkadziona ndili pamzere womwewo. Loweruka lonse linathera pa laputopu.

Lamulungu madzulo ndinatulukira kuti ena anayamba kalekale. PlantVillage ya ku Penn State University ili ndi app yotchedwa Nuru imene imazindikira matenda a chinangwa ndi zizindikiro za mbozi zomwezi, ngakhale popanda intaneti. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayambitsa ku Malawi chida chotchedwa Ulangizi, chimene chimayankha mafunso a ulimi pa WhatsApp, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndi zinthu zabwino ndithu, makamaka kumene mlangizi wa boma mmodzi amayang'anira midzi yambirimbiri. Koma zanga zinathera pomwepo.

Ndinamuimbirabe msuweni uja kuti ndimufotokozere. Anaseka mpaka kutsokomola. "Aise, ukuganiza kuti mbozi sitizidziwa? Timazitola ndi manja m'mawa uliwonse. Ena amathira mchenga kapena phulusa m'nsonga, ena msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidzadye mbozizo. Chithunzicho ndimangokuonetsa. Uthenga wanga unaumva mpaka kumapeto?"

Sindinaumve. Za mbozi zinali mphindi yoyamba yokha. Mphindi ziwiri zotsalazo, zimene amayi akanandimasulira ndikanadekha, zinali pempho: ndimubwereke ndalama zogulira matumba.

Kuti mumvetse pempholi, muyambe mwadziwa mmene chaka cha chimanga chimayendera kumudzi. Mvula imayamba cha mu Novembala kapena Disembala, kukolola ndi mu Epulo ndi Meyi. Pa nthawi yokololayo aliyense ali ndi chimanga, mtengo uli pansi, ndipo mavenda amakhala atakoleka kale masikelo awo pamtengo wa m'mbali mwa msewu. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma munthu amene akufuna ndalama lero sadikira. Pofika Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala, mabanja ambiri omwe aja amabwerera kumsika kukagula chimanga pamtengo wokwera, zaka zina kuwirikiza kawiri. Amene amayesa kusunga amalimbana ndi nankafumbwe, kachirombo kamene kamaboola njere n'kuzisandutsa fumbi. Agogo athu ankasunga m'nkhokwe panja, koma chifukwa cha akuba ambiri tsopano amasunga m'matumba m'nyumba momwe amagona, atathira mankhwala ngati Actellic. Mankhwalawo ndi ndalama, ndipo mphamvu yake ikatha pamafunika kuthiranso.

Muwonjezerepo izi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, feteleza n'kukwera mtengo. Mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Thumba limodzi la chimanga limene banja lakolola m'zaka zoterezi labwera ndi thukuta komanso ngongole. Kulipereka kwa nankafumbwe n'kowawa kuposa mmene ife ogula ufa wa m'paketi tingaganizire.

Matumba amene msuweni ankafunawo amatchedwa PICS. Anayamba ndi akatswiri a ku Purdue University ku America, motsogozedwa ndi Larry Murdock, poyesa kuteteza khobwe ku Cameroon m'zaka za m'ma 1980. Ndi matumba atatu m'limodzi: awiri a pulasitiki yokhuthala m'kati, ndi limodzi loluka ngati saka wamba kunja. Umathira chimanga, umafinya kuti mpweya utuluke, n'kumanga thumba lililonse palokha. Tizirombo timene tatsekeredwa m'katimo timapuma mpweya wochepa wotsalawo mpaka utatha, kenaka timasiya kudya ndi kuswana, n'kufa. Palibe mankhwala, palibe batire, palibe netiweki. Thumbalo likasamalidwa limagwira ntchito zaka zingapo. Ine wa digiri ya kompyuta ndinakhala chete ndikuliyang'ana pa YouTube, nsanje itandigwira pang'ono, chifukwa pulogalamu yanga iliyonse imafuna kukonzedwa sabata ndi sabata.

Maganizo ake oyamba anali ogula chimanga chotchipa mu Meyi, kusunga, n'kudzagulitsa mu Januwale. Nditawafotokozera amayi, anaika supuni pansi. "Ndiye iwe ukufuna ndalama zako za ku England zikagule chimanga cha azakhali ako pamtengo wolira, kuti adzachigulenso kwa mwana wa mlongo wanga njala ikawapana? Ukufuna tikhale mavenda pamudzi pathu pomwe?" Ndinayesa kunena kuti ndi mmene msika umayendera, kuti wosunga naye amathandiza chifukwa chimangacho sichichoka m'deralo. Anangondiyang'ana. Amayi anaona njala ya 2002 kudzera m'makalata ndi mafoni a maliro, ndipo pa nkhani ya chimanga sakambirana ngati ya magawo a kampani.

Mpaka lero sindikuganiza kuti venda aliyense ndi mfiti. Popanda iwo chimanga sichikanachoka ku Mchinji kukafika ku Nsanje. Koma amayi anali ndi mfundo: ndalama yochokera kunja ikalowa pamudzi waung'ono imakhala yolemera kuposa ya wina aliyense, ndipo anthu saiwala amene anapindula m'chaka choipa. Tinakambirana atatu pafoni, amayi akumuitana msuweni dzina lake la paubwana kuti adziwe malo ake, ndipo tinagwirizana zina. Chimanga chikhale cha eni ake. Iye apereke thumba, malo m'chipinda chimene malume ankasungiramo fodya, ndi chisamaliro. Mwini chimanga adzalipire potenga, kaya ndi ndalama kaya ndi kandowa ka chimanga chomwecho.

Apa ndi pamene ntchito yanga inapezeka, ndipo ndi yaing'ono mochititsa manyazi. Pankafunika kulemba: thumba ili ndi la yani, lalowa liti, likulemera bwanji, adzalipira zingati. Ndinapanga spreadsheet yokongola, ya mitundumitundu. Pafoni yake inkatenga nthawi kutseguka ndipo inkadya bandulo. Iye anagula kope lachikuto cholimba, amalemba m'menemo, mwini thumba amasaina kapena kudinda chala, ndipo Lamulungu lililonse amandijambulira tsambalo. Ine ndimakopera mu spreadsheet muja kuti kope likadzanyowa kapena kutayika pasadzakhale mkangano. Inde, ndine kalaliki wa msuweni wanga. Phindu lake n'lakuti manambala a Chichewa ndi mawu a pamunda tsopano akundilowa: kutong'ola, kupeta, kuyanika, ndowa, ngolo.

Chinthu chimodzi chinatsala pang'ono kutigwetsa. Thumba la PICS silikhululukira chimanga chosauma. Ukatsekera chinyezi m'katimo, chimanga chimachita nkhungu n'kuwola, ndipo munthu amene anakukhulupirira wataya chakudya cha mwezi wathunthu. Ine ndinayamba kufufuza pa intaneti kachipangizo koyezera chinyezi. Amayi anati kwawo ankangoluma njere, ikalira kuti khwa ndiye kuti yauma. Mlangizi wa kuderako anamuonetsa msuweni njira ina: kuthira njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kutseka, kukhutchumula, n'kudikira pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Anabweza matumba a anthu awiri chifukwa cha botolo limeneli, mmodzi mwa iwo mkulu wa kumpingo, ndipo akuti moni wa Lamulungu lotsatira unali wozizira.

Ndisakunamizeni kuti thumba lathetsa njala. Amene anabweretsa chimanga ndi okhawo amene akanatha kudikira. Ambiri amagulitsa mu Meyi chifukwa pali fizi ya sukulu, pali wodwala, pali katapira amene akuwadikira pakhomo, osati chifukwa choopa nankafumbwe yekha. Akatswiri a zachuma atatu, Marshall Burke, Lauren Bergquist ndi Edward Miguel, anachita kafukufuku kumadzulo kwa Kenya limodzi ndi One Acre Fund, ndipo anapeza kuti alimi akapatsidwa ngongole pa nthawi yokolola amasunga chimanga chambiri n'kudzagulitsa mtengo utakwera. Ku Malawi bungwe la Agricultural Commodity Exchange for Africa lili ndi ndondomeko yoti munthu asungitse mbewu m'nyumba yosungiramo katundu n'kulandira risiti imene angatengere ngongole. Kumudzi kwa malume, chapafupi ndi banki m'khonde ya amayi a m'mudzimo, ndipo msuweni wayamba kukambirana nawo ngati thumba losungidwa lingakhale chikole. Sanamuyankhebe.

Ndikamva anthu pamisonkhano akuti achinyamata alowe mu ulimi, kawirikawiri chithunzi chimene amaika ndi cha mnyamata atanyamula drone. Zimenezo zilipodi: African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe mu Januwale 2020 ndi thandizo la UNICEF, ndipo ndimawasirira amene anaphunzirako. Koma wachinyamata wa ku Mchinji amene alibe munda wakewake, alibe chikole cha kubanki, ali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi foni, ntchito imene ili pafupi naye ili pakati pa munda ndi mphika. Kuyanika, kutong'ola, kusankha, kusunga, kulemba. Sizifuna malo aakulu, zimafuna munthu wosamala amene anthu angamukhulupirire.

Msuweni akuyang'ana kale mtedza, umene ku Mchinji amalima kwambiri. Vuto la mtedza ndi chuku, nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, woononga chiwindi. Anthu ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ndipo chinyezi chimenecho ndi chimene chuku amakonda. Kuno ku UK mtedza wodya sulandiridwa ukapitirira ma microgram 4 a poizoniyu pa kilogalamu. Amene munakulira kuno mwina mukukumbukira mapaketi a Harry's Nuts okhala ndi nkhope ya Harry Hill, mtedza wa Fairtrade umene kampani ya Liberation inkagula kwa alimi a ku Malawi. Kuti mtedzawo ufike pashelefu, panali anthu amene anauyanika bwino ndi kuusankha njere imodziimodzi. Ndamuuza kuti tiyambe taona mmene chimanga chithere.

Sabata yatha anandiimbira pavidiyo, amayi ali pambali panga, kuti titsegulire limodzi thumba loyamba la azakhali, amene chimanga chawo cha m'nyumba chatha. Anamasula zingwe zitatu zija, n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Njere zoyera, zolimba, zopanda fumbi. Azakhali anatola imodzi n'kuiluma, ndipo ngakhale netiweki inkadukaduka tinamva kulira kwake. Amayi sananene kanthu, anangoti "Eya."

Kenaka anatembenuzira kamera pakona. Pa matumba 14, limodzi linali ndi kabowo pansi, kukula ngati ndalama yachitsulo. Khoswe. Mpweya unalowa, nankafumbwe anadzuka, ndipo pafupifupi theka la thumbalo ndi fumbi. Mwini wake ndi mayi wamasiye wa ana atatu, ndipo mwa pangano lathu wobweza ndi ife. Ndatumiza ndalama yake Lachiwiri. Matumba otsalawo tsopano akwezedwa pathandala, kutali ndi khoma, ndipo patsamba la kope la Lamulungu lapitali, pansi pa zingwe ndi mchere, msuweni walemba chinthu chatsopano choti ndilowetse mu spreadsheet: mphaka mmodzi, ndi usipa wake wa mwezi.