Inu mugona m'chipinda, nanga njinga igona kuti?

Tchuthi chapitachi ndinakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya achimwene anga kuchokera ku Zomba mpaka ku Mzuzu, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kudzera msewu wa m'mbali mwa nyanja, uja wa M5. Achimwene amachita kabaza, ndipo njingayo, Lifo yofiira, anaigula ndi ngongole ya banki m'khonde imene mpaka lero sanamalize kubweza. Tinkapita ku chinkhoswe cha msuweni wathu. Titawerengera ndalama za basi za anthu awiri, kupita ndi kubwera, tinaona kuti bola kugula petulo. Ine ndinali ndi changachanga mumtima: ndinkafuna kuima pa Mua kuti ndione zigoba za Gule Wamkulu ku KuNgoni, komanso ku Nkhotakota kuti ndiponde malo a Jumbe amene tinkangowamva m'kalasi.

Pa Mua tinachedwa chifukwa cha ine, ndipo dzuwa linatilowera titangodutsa Salima. Pa kamsika kena m'mbali mwa msewu tinalowa pa resitihausi yoyamba imene tinaiona. Chipinda chinali K10,000. Achimwene asanaone ngakhale bedi anafunsa kuti, "Amayi, nanga njingayi igona pati?" Mayiwo analoza pansi pa mtengo wa mango, kunja, popanda mpanda ndi mlonda yemwe. "Onse amasiya pomwepo. Koma ikasowa, ife sitikudziwapo kanthu." Malo achiwiri anali ndi mpanda wa njerwa ndi geti yachitsulo, koma mlonda atangoona chipewa cha achimwene anati, "Akabaza muno ayi. Mumatibweretsera akuba." Malo achitatu chipinda chinali K18,000. Mwini wake, bambo wachikulire, anatsegula geti yekha, nkutiuza kuti tiimike njinga pakhonde pafupi ndi chitseko chathu ndipo titseke kampopi ka petulo. Kenako anatipatsa ndowa ya madzi kuti titsuke fumbi.

Tinalipira pafupifupi kuwirikiza kawiri, koma mwa malo atatu aja, otchipa anali amenewo. Mfundo yanga m'nkhani ino yagona pamenepa. Kwa munthu woyenda pa njinga yamoto, mtengo wa chipinda sungausiyanitse ndi funso la komwe njinga igone, ndipo eni malo ogona ambiri m'dziko muno sanayambe kuliganizira funso limeneli, ngakhale njingazi zadzaza m'misewu yathu.

Amene anayambitsa motelo anali ataliganizira kale. Mawuwa anawapanga ku America pophatikiza mawu awiri a Chingerezi, motor ndi hotel, ndipo malo oyamba kudzitcha dzinali anatsegulidwa mu 1925 mumzinda wa San Luis Obispo ku California, chapakati pa Los Angeles ndi San Francisco. Mahotela a nthawi imeneyo anali pakati pa mizinda, ambiri pafupi ndi siteshoni za sitima, chifukwa anamangidwira anthu oyenda pa njanji. Woyendetsa galimoto ankafuna zina: malo a m'mbali mwa msewu, otsika mtengo, oti aimike galimoto pakhomo pa chipinda chake nkumaionera pawindo. Motelo inamangidwa ndi ganizo lakuti mlendo ndi chimene wakwera azigona moyandikana.

Kuno kwathu malo ogona anamangidwira alendo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa basi. Iye amatsikira pa depoti ndi chikwama, amafuna bedi ndi bafa, ndipo akatseka chitseko chuma chake chonse chili m'katimo. Resitihausi za pafupi ndi depoti ndi misika zinamangidwira ameneyu, n'chifukwa chake zambiri zilibe bwalo lotetezeka. Wachiwiri ndi wa galimoto, kawirikawiri wogwira ntchito m'boma kapena m'bungwe, amene ali ndi alawansi. Iyeyu amapita ku loji ya mpanda, mlonda ndi jenereta, ndipo mtengo wake umatsata thumba lake. Wa njinga yamoto ali pakatikati. Thumba lake ndi la wa basi, koma katundu wake ndi wofuna mpanda ngati wa wa galimoto. Komanso njinga imabeka mosavuta kuposa galimoto. Anthu awiri akhoza kuinyamula nkuiika mu lole, kapena kuikankha mwakachetechete mpaka kuseri kwa msika, ndipo pokucha ikhoza kukhala itaphwasulidwa kale.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndinachiona titayandikira ku Nkhata Bay. M'mbali mwa nyanja, ku Kande, ku Nkhata Bay komweko ndi ku Chitimba, kuli malo amene amadziwa bwino kulandira woyenda pa njinga yamoto. Azungu odutsa Africa yense pa njinga zikuluzikulu amaima kumeneko, monga anadutsira m'dziko muno Ewan McGregor ndi Charley Boorman mu 2007 pa njinga za BMW, pa ulendo wawo wochokera ku Scotland kupita ku Cape Town umene unaonetsedwa pa kanema wa Long Way Down. Otere amawatsegulira geti, amawaonetsa pokhoma tenti pafupi ndi njinga, amawafunsa za ulendo. Sindikudandaula kuti amalandiridwa bwino, alendo ndi ofunika ndipo amabweretsa ndalama zakunja. Ndikungoti luso lolandira munthu wa pa njinga tili nalo. Vuto ndi lakuti mzungu akakwera njinga timamutcha mlendo, pamene Mmalawi akakwera njinga timamutcha wakabaza, ndipo dzinali limatuluka m'kamwa mwathu ngati chitonzo.

Wina anena kuti ndikukuza nkhani yaing'ono. Koma taganizirani zimene zimachitika munthu akakanizidwa malo kawiri kapena katatu. Sabwerera kwawo. Amakwera njinga nkupitiriza ulendo mumdima kuti akayese tauni yotsatira. Aliyense amene wayendapo usiku m'misewu yathu akudziwa zimene zili mmenemo: maenje osaoneka, malole osatsitsa magetsi, ngolo ndi njinga zakapalasa zopanda nyali, mbuzi, ng'ombe, anthu oyenda pansi m'mphepete mwa phula lodyeka. Nyali ya njinga yaing'ono siunika patali. Wodzera M1 amakumananso ndi nkhungu ya m'nkhalango ya Chikangawa ndi makona a ku Chiweta. Pamwamba pa izi pali achifwamba, ndipo nkhani za akabaza ovulazidwa kapena kuphedwa pofuna kuwalanda njinga timazimva pa wailesi kawirikawiri. Choncho malo ogona olandira njinga ndi mbali imodzi ya chitetezo cha pamsewu, monga alili chipewa ndi laisensi. Geti imodzi yotseguka 6 koloko madzulo ikhoza kupulumutsa munthu amene akanagwera m'dzenje 9 koloko usiku.

Eni malo nawonso ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina ndi zomveka. Choyamba ndi moto. Okwera ambiri amafuna kulowetsa njinga m'chipinda chenicheni, pafupi ndi bedi. Apa ine ndili kumbali ya eni malo. Petulo amatuluka nthunzi, ndipo m'dziko limene magetsi amazimazima, anthu nkumayatsa makandulo, njinga m'chipinda chotseka mawindo ndi tsoka lodikira nthawi. Mafuta amathimbiriranso pansi. Koma kukana njinga m'chipinda sikufuna kuti uitaye kumsewu. Khonde la m'kati mwa mpanda, kachipinda kosungiramo katundu kokhala ndi loko, ngakhale chitsulo chopinda chokwiriridwa mu simenti choti munthu amangirirepo tcheni, zonsezi ndi zotchipa poyerekeza ndi ndalama zimene mlendo mmodzi pa sabata angabweretse pa chaka.

Chachiwiri ndi mantha a akuba, aja anatiuza mlonda uja. Ndi zoona kuti mbava zina zimayendera njinga zamoto, ndipo njinga zambiri m'dziko muno zimayenda zopanda nambala. Koma mbava zina zimayendera galimoto, ndipo sindinamvepo loji ikubweza aliyense wa galimoto pa chifukwa chimenechi. Njira yake ilipo kale. Kuyambira 2017 Amalawi ambiri ali ndi chiphaso cha unzika, ndipo resitihausi zambiri zili ndi buku lolembamo alendo. Mwini malo alembe dzina, nambala ya chiphaso, ndi nambala ya njinga kapena ya injini yake. Wokana kulembetsa, ameneyo abwezedwe. Kuweruza munthu poona chimene wakwera ndi ulesi chabe.

Chachitatu ndi kuopa kulipitsidwa njinga ikasowa. Apanso ndikumvetsa. Koma mawu oti "ikasowa sitikudziwapo kanthu" amauza mlendo kuti agone maso. Bwanji osaika kandalama kochepa ka mlonda pa njinga iliyonse, nkulemba pa risiti? Achimwene anga akanalipira mosanyinyirika. Munthu amene njinga yake ndiyo munda wake sangakakamire ndalama yochepa yomugulira tulo.

Ifenso okwera tisadziyeretse. Mbiri yoipa ya akabaza sinagwe kuchokera kumwamba. Tikamayenda opanda laisensi, opanda inshuwalansi, opanda chipewa, anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi, tikupereka tokha chifukwa kwa mlonda wotikaniza. Wofuna kulandiridwa ngati mlendo achite ngati mlendo. Asalize injini pakati pa bwalo 4 koloko m'bandakucha anzake ali mtulo, koma aikankhe njingayo mpaka kugeti. Asakhetsere oyilo pakhonde la eni. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mbiri imene wasiya ndiyo imatsegulira kapena kutsekera geti wobwera pambuyo pake.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi itikhudze ife ophunzira? Chifukwa ambiri mwa ife tikamaliza sukulu sitiyamba ndi galimoto. Ntchito zoyamba zimene achinyamata ambiri amapeza ndi za kumudzi: kuchita kafukufuku wa mabungwe, ulangizi, kutolera ngongole, kugulitsa zipangizo za sola. Zambiri mwa izi zimayendera njinga yamoto, ndipo nthawi zina njingayo ndi ya abwana, yoti ikasowa amadula pa malipiro ako. Ena, ntchito zikavuta, amagula njinga yawo nkuyamba kabaza digiri ili m'chikwama. Mlonda uja tsiku lina adzakhala akubweza ife.

Pa ulendo wobwerera tinachenjera, ndipo zimene tinaphunzira ndi izi. Tinkasankha tauni yogona tisananyamuke, ndipo tinkayesetsa kufika 4 koloko isanakwane, kuti malo oyamba akatikana tikhale ndi dzuwa loyendera ena. Njinga yaing'ono itanyamula anthu awiri sifunika kuikakamiza. Makilomita 300 pa tsiku ndi okwanira, msana ndi injini zonse zimavomereza. Tikafika, tinkayamba taima pa siteji ya akabaza nkufunsa. Iwo amadziwa malo amene njinga inasowapo ndi amene mlonda wake sagona, ndipo safunsa anadya phula. Pa resitihausi tinkayamba ndi funso la njinga, mtengo wa chipinda pambuyo. Tinkaona ngati geti imatsekedwa ndi loko, ngati pali bala m'kati mwa mpanda momwemo pamene anthu amalowa ndi kutuluka usiku wonse, ndiponso ngati njinga ikuoneka kuchokera kumsewu. Tinkayenda ndi tcheni ndi loko yathu. Ndipo tikapeza petulo madzulo tinkathiriratu, chifukwa masiku ano sungadziwe ngati m'mawa apezeka. Nyumba za alendo za mipingo ndi resitihausi za makhonsolo, kumene zilipo, ndi zoyenera kufunsako, popeza zambiri zili ndi bwalo lalikulu.

Koma nzeru ngati zimenezi siziyenera kumathera m'mitu ya anthu awiri. Mu 1936 Victor Hugo Green wa ku New York, wogwira ntchito ya mtengatenga wa makalata, anayamba kusindikiza kabuku kotchedwa Green Book, kolemba mahotela, malo odyera ndi malo othirira mafuta amene ankalandira anthu akuda oyenda pa galimoto m'nthawi ya tsankho ku America. Sindikuyerekeza vuto lathu ndi nkhanza zimene iwo anakumana nazo. Chimene ndikutengapo ndi njira yake: oyenda okha analemba mndandanda wa makomo otseguka, ndipo ndalama zawo zinkapita kumeneko. Ife tili ndi WhatsApp ndi Facebook, ndipo pa sukulu iliyonse ya ukachenjede pali ophunzira ochokera m'maboma onse 28. Aliyense atalemba malo amodzi kapena awiri a kwawo amene ali ndi mpanda, mlonda ndi mtengo wofikirika, tikhoza kukhala ndi mndandanda kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa teremu isanathe. Eni malo akaona kuti alendo akupita kwa mnzawo wa khonde, adzamanga makonde awo popanda wowalamula.

Bambo wachikulire uja m'mawa anatiperekeza mpaka pageti. Anagwira tayala lakumbuyo nkuuza achimwene kuti, "Mwana wanga, mpweya wachepa umu, mupopetse musanafike pa Benga." Tinapopetsa. Pobwerera tinadutsa malo awiri aja osaima, nkukagonanso kwa iwo.