Makina atsopano akubwera, koma chimbale mulowetsa pati?

Sabata ino, anzanga a pa benchi, za matikiti a msika ndi zimbudzi zosatsuka tazisiya kaye. Tikambe za magemu. Inde, magemu omwe aja ana amathera nawo tchenji chathu. Musaseke msanga, geni yathu ili momwemo.

Mwana wa achemwali anga ali ndi kachisakasa kuseri kwa msika. Muli ma TV awiri, ma PlayStation 4 awiri ogula kwa munthu, ndi benchi imodzi. Anyamata amalipira n'kumamenya mpira wa pakanema mpaka magetsi atathima. Pambali amagulitsanso zimbale za magemu za kaunjika zomwe amaoda kwa anzake ochokera ku Johannesburg. Loweruka ndinamupeza atagwira tsaya.

"Ankolo, ndasunga kandalama. Ndigule makina atsopano panopa, kapena ndidikire amene akunenedwa kuti akubwerawo?"

Ndinati mphwanga khala pansi, ndiyambe ndakusimbira za 1995.

Chaka chimenecho, mwezi wa May, makampani a magemu anakumana pa chionetsero chotchedwa E3 mumzinda wa Los Angeles ku America. Kampani ya Sega, yomwe inali chimphona nthawi imeneyo, inali italonjeza kuti makina ake atsopano a Saturn afika mu September. Mwadzidzidzi bwana wake ku America, a Tom Kalinske, anaimirira n'kulengeza kuti katundu wafika kale, ali m'sitolo lero lomwe, mtengo madola 399. Ankafuna kuphangira msika Sony isanayale.

Kenaka inafika nthawi ya Sony, mlendo pa geni imeneyi. Mkulu wina, a Steve Race, anapita kutsogolo ngati akukayankhula zambiri. Anangotchula mtengo wa PlayStation, 299, n'kubwerera kukakhala pansi. Basi. Anthu m'manja phuphuphu!

Koma chomwe chimandigwira mtima ine si mtengowo ayi. Pothamanga paja, Sega inapereka katundu kwa masitolo anayi okha akuluakulu, ena onse n'kuwasiya osadziwa kanthu. Inu a pa benchi mukuzidziwa izi: waoda kwa mwenye mmodzi zaka khumi, tsiku la katundu wotentha iye n'kupatsa mnzako mobisa, iwe kumva kwa makasitomala. Ungabwerereko? Sitolo ya KB Toys inakwiya mpaka kusiya kugulitsa katundu wa Sega. Saturn inathera pa makina pafupifupi 9 miliyoni, PlayStation inadutsa 100 miliyoni. Pofika 2001 Sega inapasula benchi, n'kusiyiratu kupanga makina. Lero imangopanga magemu oseweredwa pa makina a anzake aja.

Munthu akakhuta amaiwala. Mu 2006 Sony yomweyo inatulutsa PlayStation 3 pa madola 599, anthu n'kukhamukira kwa Nintendo yomwe Wii yake inali pa 249.

Tsono imvani ya 2013, chifukwa iyi ndi yathuyathu ife a kaunjika. Microsoft polengeza Xbox One inati makinawo azilumikizidwa pa intaneti kamodzi pa maola 24 alionse, ndipo chimbale ukagula sungangobwereketsa kapena kugulitsa mmene wafunira. Ati pali malamulo. Taganizani, mwagula jekete, wogulitsa n'kumati mukafuna kupatsa mng'ono wanu muyambe mwadzapempha kwa ine! Sony inangojambula kafilimu kosakwana mphindi imodzi kophunzitsa kabwereketsedwe ka gemu pa PlayStation 4: bwana wina kupatsira mnzake chimbale m'manja, mnzakeyo kuthokoza, filimu yatha. Mtengonso anatsitsa, 399 pomwe Xbox One inali 499. Sipanathe milungu iwiri Microsoft inabweza mawu, koma madzi anali atatayika kale. PlayStation 4 inagulidwa yopitirira 110 miliyoni, Xbox One pafupifupi theka lake.

Mnyamata uja anamwetulira. "Ndiye kuti kaunjika anawina, ankolo."

Anawina tsiku limenelo. Koma akuluakuluwa sagona.

Mudziwe kuti makinawa ndi nyambo chabe. Mu 2021 mkulu wina wa Microsoft anavomera m'khoti ku America kuti pa makina a Xbox kampaniyo sipezapo phindu. Phindu lili pa magemu ndi pa ndalama zolipira mwezi ndi mwezi. Ukagula gemu kudzera pa intaneti m'sitolo yawo, mwini makina amadyapo gawo lake. Koma mphwangayu akagulitsa chimbale cha kaunjika, Sony siilandira ngakhale tambala. Chimbale chimodzi chimatha kudutsa m'manja khumi, kampani inadyapo kamodzi kokha. Mukuganiza zimawasangalatsa?

Ndiye poona kuti kuletsa ndi pakamwa kunawaotcha, ayamba kungochotsa polowetsa chimbale penipenipo, mwakachetechete. Mu 2020 Xbox Series S inabwera yopanda polowetsa chimbale, PlayStation 5 inabwera mitundu iwiri, wotchipawo wopandanso. Mu 2024 PlayStation 5 Pro, ya madola 699, inabwera yopanda. Ukafuna kachipangizo ka chimbale unkayenera kuwonjezera madola pafupifupi 80. Kugula njinga, tcheni n'kugula padera, eti? Nayo Nintendo, potulutsa Switch 2 mu June 2025 pa madola 449, inabweretsa timakadi tina tomwe mulibe gemu, ndi kiyi chabe. Gemuyo uikoke wekha pa intaneti. Kungoti timakadi timeneti ungathe kugulitsa kwa wina, apo tiwayamike. Makina 3.5 miliyoni anatha m'masiku anayi.

Za mitengo ndiye musanene. Kale makina akakalamba ankatsika mtengo ngati masamba a madzulo. Mu 2025 zinatembenuka: Xbox Series X yomwe inayamba pa madola 499 inakwera kawiri mpaka 649, ndipo Sony inawonjezera madola 50 pa PlayStation 5 ku America. Palibe anapita kutsogolo kukatchula mtengo wogwetsa mnzake ngati muja anachitira a Race.

Ngakhale mpanda wa pakati pawo ukugwa. Microsoft, itagula Activision Blizzard mu 2023 pa madola pafupifupi 69 biliyoni, inayamba kugulitsa magemu ake ena pa PlayStation, monga Forza Horizon 5 mu 2025. Kuyala katundu pa benchi ya mdani wako! Chaka chomwecho inalengeza kuti ikukonza makina a m'badwo wotsatira mogwirizana ndi kampani ya AMD. Kwa ine funso ndi limodzi: adzakhala ndi pakamwa polandirira chimbale? Ngati ayi, kuno kwathu komwe bandulo ya intaneti imatha gemu isanafike ndi pakati pomwe, zisakasa ngati cha mphwangayu zidzalira, ndipo thebulo lake la zimbale lidzasanduka poyalapo zitumbuwa.

Ndinamulangiza kuti kandalamako asakathamangitse. Mpira wa EA Sports FC 26, womwe ana akuutchabe FIFA, unatuluka mu 2025 pa PlayStation 4 pomwe, ndiye makasitomala ake sathawa mawa. Akadzafuna kugula, asayang'ane kuwala kwa bokosi, ayambe wafufuza kabowo ka chimbale.

Anagwedeza mutu, n'kundifunsa ngati m'malo mwake angagule jenereta. Tili mkati mokambirana, magetsi phethi, anyamata asanu ndi mmodzi n'kuyamba kuitanitsa ndalama zawo.