Chamba: kuletsa kwalephera, koma kuloleza kukufuna mpanda

Pa madoko a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mawu akuti "boma linaloleza chamba" samasowa pakamwa pa anyamata. Ena amawanena mwanthabwala, ena amawakhulupirira ndithu, ndipo okhulupirirawo ndi amene amakagona m'chitokosi cha apolisi. Nkhaniyi yafika m'makomo mwathu, choncho tiyambe tawongola pomwe papindika.

Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act. Lamuloli limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene atenga chiphaso ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta, kusunga kapena kugulitsa popanda chiphaso udakali mlandu. Chomwe chinakankha aphungu ndi kufooka kwa msika wa fodya, mbewu imene yakhala ikubweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno.

Otsutsa chiletso ali ndi mfundo imene sitingaithawe. Chamba chakhala choletsedwa kwa zaka zambirimbiri, komabe m'mapiri a ku Nkhotakota sichinaleke kumera, mpaka mbiri yake inafika kunja ndi dzina lakuti Malawi Gold. Chiletso chinangochibisa, ndipo malonda obisika safunsa zaka za wogula. Chinanso, ndodo ya lamulo imagwera kwambiri wosauka. Tikukumbukira mfuwu wa mu 2022, pamene mnyamata wina wa ku Blantyre anagamulidwa zaka 8 m'ndende, pomwe mkulu wa kampani ina anangolipira chindapusa pa mlandu wokhudza mbewu yomweyi.

Komatu kuloleza nako kuli ndi minga yake. Mitengo ya ziphaso imene inalengezedwa mu 2020 inali madola 10,000 pa kulima chamba cha mankhwala, ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale. Mlimi wa kumudzi angazipeze kuti? Khomo linatsegukira a ndalama, pamene wolima m'tchire anatsala panja, akuthawabe apolisi monga kale.

Mayiko awiri akutipatsa phunziro. Thailand inachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala ozunguza bongo mu June 2022 malamulo oyendetsera malonda asanakhwime. Masitolo ogulitsa anamera paliponse, ndipo mu 2025 boma linabwerera m'mbuyo n'kulamula kuti wogula azionetsa kalata ya dokotala. Morocco, dziko la Asilamu, linatsata njira ina. Lamulo lake la 2021 linalola ulimiwu pa zamankhwala ndi zamafakitale zokha, m'zigawo zosankhidwa za m'mapiri a Rif, alimi atalowa m'makopaletivi. Kusuta sikunaloledwe. Mu 2024 Mfumu Mohammed VI inakhululukira alimi oposa 4,800 amene anali ndi milandu ya chamba, kuti alowe mu ulimi wovomerezeka. Kusiyana kwa mayiko awiriwa ndi mpanda: lina linabzala lisanatchinge munda, linzake linayamba ndi kutchinga.

Kwa ife Asilamu, chigamulo cha aphungu sichisandutsa haramu kukhala halali. Chilichonse choledzeretsa n'choletsedwa, kaya chikumwedwa kapena kusutidwa. Mowa umagulitsidwa poyera m'dziko muno, koma sitinauyesepo wololedwa kwa ife. Ngakhale zili choncho, tisaphatikize zinthu zosiyana. Chamba cha m'mafakitale, chopangira zingwe, nsalu ndi mafuta, chili ndi mphamvu yoledzeretsa yochepa kwambiri. Pa za mankhwala olembedwa ndi dokotala, mashehe athu atiunikire momveka m'mizikiti, anthu asamangoyendera mphekesera.

Tikuona kuti dziko lathu lilibe mphamvu zokwanira kuti liloleze kusuta. Pamene kachasu amagulitsidwa kwa ana masanasana popanda womuletsa, ndani adzalondere malonda a chamba? Achipatala amachenjeza kuti kusuta munthu akadali wamng'ono kumawonjezera chiopsezo cha matenda a misala, pomwe malo othandizira odwalawo ndi owerengeka: chipatala cha boma ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kuchokera ku Makanjira, konseko n'kutali.

Tsono aphungu athu tiwapemphe zinthu zitatu. Ziphaso zikhale zotheka kwa makopaletivi a alimi wamba. Chilango chokhwima chilunjike kwa ogulitsa akuluakulu, pamene mnyamata wogwidwa ndi ndudu imodzi apatsidwe uphungu ndi chithandizo, asakawolere kundende. Ndipo gawo la ndalama za ziphaso lipite ku chisamaliro cha odwala maganizo m'zipatala za m'maboma.

Mpanda woyamba, komabe, ndi wa pakhomo. M'mera m'poyamba. Mwana akabwera kuchokera kudoko ndi mawu akuti boma linaloleza, tikhale naye pansi timuuze zoona zake, asanakazimvere pamaso pa woweruza.